Mwana akugwa, kanjinga kamoto kakuvuta: poyambira kufufuza

Tinjinga tamoto ta ana tayamba kuoneka m'makomo ena kuno kwathu, ku Ulongwe, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Tina ndi togwiritsidwapo kale ntchito, monga Yamaha PW50 ndi Honda CRF50F, tina ndi tatsopano ta ku China ta 49cc. Nkhani yake imakonda kutha mofanana. Tsiku loyamba banja lonse lili pabwalo, mwana wakoka moto, wakagunda mpanda, walira. Bambo apsa mtima, mayi alamula kuti chinthuchi chisaonekenso. Kanjinga kakhala m'nyumba miyezi, ndiye tsiku limene mwana walimbanso mtima, injini ikukana kulira.

Mafunso amene makolo amabwera nawo ndi omwewomwewo, n'chifukwa chake ndawaika pamodzi. Ndayamba ndi za mwana chifukwa mavuto ambiri amachokera kwa ife akuluakulu: timafuna kuona mwana akuthamanga asanadziwe kuima.

Musanalize injini

- Malo akhale bwalo lathyathyathya, lopanda zitsa, miyala ndi maenje. Pemphani kwa amfumu kapena eni bwalo. Msewu ayi, ngakhale m'mbali mwake. N7 yochoka ku Tete kudzera ku Moatize mpaka ku Zobue ndi N304 yopita ku Ulongwe zimadutsa magalimoto olemera amene sangaime msanga. Tinjingati sitinapangidwire msewu, ndipo INATRO, bungwe la boma loona za pamsewu, sipereka laisensi kwa mwana wa zaka 6.
- Avale chisoti chomukwana, magolovesi, buluku lalitali lolimba, malaya a manja aatali ndi nsapato zobisa akakolo. Patapata ayi.
- Pakanjinga pakhale mwana mmodzi. Kunyamula mng'ono wake kulibe.
- Munthu wamkulu akhalepo nthawi yonse. Mukamaliza, tsekani petulo ndi kuchotsa kiyi ngati kali nayo.

Chizindikiro 1: Akangogwira moto, kanjinga kamathawa naye

Ili ndilo limagwetsa ana ambiri tsiku loyamba. Kanjinga kakadzuka mwadzidzidzi, thupi la mwana limakankhikira kumbuyo. Poopa kugwa amakakamira mahandulo, ndipo dzanja lamanja pokakamirapo limapotokola chogwirira, moto n'kuwonjezeka. Si mwano. Mukamakuwa kuti "siya, siya!" iye sakumvani, maso ali tong'o, zala zauma gwa.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kabawuti kochepetsa moto n'komasuka. PW50, CRF50F ndi Yamaha TT-R50E zili ndi kabawuti pafupi ndi chogwirira cha moto, kudzanja lamanja. Masulani nati yake, lowetsani kabawutiko m'kati kuti chogwirira chizitembenuka pang'ono chabe, kenako mangani natiyo. Poyamba liwiro likhale loti inu mungalondole mukuyenda ndawala. PW50 imabweranso ndi kachitsulo kobooka pakati koikidwa polumikizira ekizosi kuti kachepetse mphamvu, ndipo eni ake akale amakonda kukachotsa. Makaniko akuonereni ngati kalipo.
2. Kagwiridwe ka dzanja. Injini ili chozima, onani mmene wagwirira. Ngati mfundo ya dzanja yakwera pamwamba pa chogwirira, kungotsika pang'ono moto watseguka wonse. Mfundoyo ikhale molingana ndi mkono kapena kutsikirapo pang'ono, zigongono zitukuke, akhale kutsogolo kwa chishalo, mawondo atapana thanki.
3. Sanaphunzire kuima. Zimitsani injini. Mukankheni inu kuchokera kumbuyo, ndipo mukati "ima", asiye moto, agwire mabuleki, aponde pansi. Bwerezani mpaka azichita osayang'ana manja ake. Aphunzirenso kuzimitsa injini ndi swichi. Dziwani kumene kuli mabuleki a kanjinga kanu: pa PW50 onse awiri ali m'manja, yakumbuyo kumanzere, yakutsogolo kumanja, pomwe pa CRF50F yakumbuyo ndi yoponda ndi phazi lamanja.
4. Kebulo ya moto ikukakamira. Potokolani chogwirira n'kuchisiya. Chizibwerera chokha nthawi yomweyo. Yesani mahandulo atawongoka, atakhotera kumanzere mpaka kumapeto, ndi kumanja chimodzimodzi. Kanjinga kakagwera kumanja, dothi limalowa m'chogwirira kapena labala wake amakhuza kumapeto kwa handulo.
5. Injini ikulira mokweza popanda woigwira. Kwezani tayala lakumbuyo m'mwamba. Ngati likuzungulira lokha, kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya, ikufunika kuikonza.

Pophunzitsa yendani kumanzere kwake, chakumbuyo pang'ono, mutagwira kumapeto kwa chishalo. Mukagwira mahandulo ndiye kuti mukuyendetsa ndinu, iye sakuphunzira kanthu.

Imani pomwepo ngati chogwirira sichikubwerera chokha mutachipukuta, kapena swichi yozimitsira sikugwira. Mwana asakwere mpaka makaniko atakonza.

Chizindikiro 2: Amagwa pokhota kapena poima

1. Akuyang'ana pansi. Njinga imalowera kumene maso akuyang'ana. Mwana woyang'anitsitsa tayala lakutsogolo amagwa, woyang'anitsitsa mtengo amakaugunda. Imikani mchimwene wake kapena achemwali ake kumapeto kwa pokhotera, atakweza dzanja, ndipo wokwerayo aziuza chiwerengero cha zala zimene akuona. Mutu umatukuka wokha.
2. Akufinya buleki yakutsogolo mwamphamvu ali pokhota. Pamchenga kapena pa timiyala tayala limatsetsereka nthawi yomweyo. Achepetse liwiro akadali mowongoka, buleki aigwire pang'onopang'ono, ndipo polowa pokhota akhale ataisiya.
3. Matayala apopedwa mopitirira. Anzathu opopa matayala m'misika anazolowera njinga zonyamula matumba a mbatata ndi chimanga, ndiye amapopa mpaka tayala gwa. PW50 ndi CRF50F zimafuna 100 kPa, kapena kuti 15 psi. Gulani kachoyezera mpweya, kufinya ndi chala kumanamiza.
4. Kanjinga kamukulira. Atakhala pachishalo, mapazi onse awiri afike pansi, ngakhale ndi kutsogolo kwa phazi. Chishalo cha PW50 n'chotalika mamilimita pafupifupi 475 kuchokera pansi, cha CRF50F chimaposa 540. CRF50F imalemera pafupifupi makilogalamu 50, choncho kwa mwana wochepa thupi, ikangopendekeka pang'ono yapita. Kukulira kulinso mbali ina: PW50 inapangidwira wokwera wosapitirira makilogalamu 25, CRF50F wosapitirira 40. Atate, musamakwerepo "kuti muyese".
5. Sanakhazikike pa njinga yakapalasa. Ngati sangathe kupalasa yekha, kukhota ndi kuima ndi mabuleki a m'manja, bwererani kumeneko. Kuphunzira kusapendekeka ndi kuphunzira moto nthawi imodzi kumamuchulukira mwana.
6. Mahandulo anapindika pa kugwa kwapitako. Imani kutsogolo, panani tayala ndi miyendo, muone ngati alunjika.

Nthaka nayo muziiganizira. Ku Angonia ndi ku Tsangano, kuyambira Disembala mpaka Malichi, dothi lofiira likanyowa limaterera ngati therere, ndipo wophunzira sangalimbe. Dikirani liume. Kumunsi, kufupi ndi Zambezi, vuto ndi mchenga wakuya umene umagwira tayala lakutsogolo. Funani pouma polimba.

Chizindikiro 3: Akukana kukwera, akulira, kapena wayamba kuchita zosamveka

Pano ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa, chifukwa kanjinga kanadya ndalama zambiri ndipo mtima umawawa kukaona kali pakhonde.

1. Aphunzitsi achuluka. Bambo akuti onjezera moto, amalume akuti gwira buleki, agogo akukuwa kuti mutsitseni mwanayo, ana a m'mudzi azungulira bwalo akuseka. Mwana wa zaka 5 sangasankhe mawu oti amvere. Wolankhula akhale mmodzi, ndipo asankhidwe amene ali woleza mtima, kaya ndi mayi kaya bambo. Enawo apatsidwe ntchito: wina aziingitsa mbuzi ndi agalu, wina agwire ana aang'ono kutali, wina aike mabotolo apulasitiki osonyeza pokhotera.
2. Watopa, ali ndi ludzu kapena watenthedwa. Mphindi 10 kapena 15 zimakwana, kenako apume. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'chisoti mumatentha koposa. Phunzitsani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Amwe madzi asanakwere.
3. Anagwa ndipo anakalipiridwa, kapena anayerekezeredwa ndi wina. Mawu oti "mnzako uja anatha tsiku limodzi" ndi oti "mwamuna salira" amachotsa chidwi msanga kuposa bala. Akagwa, zimitsani injini, muoneni thupi, mufunseni chimene chachitika. Akafuna kulekeza, lekezani. Mawa lake muyambe ndi chimene amachitha kale, ngakhale kukhale kukankhidwa injini ili chozima.
4. Chisoti chikumuvuta. Cha munthu wamkulu chimalemera khosi, chimagwera m'maso, ndipo pogwa chimavuka. Muvekeni, mangani lamba, gwedezani chisoticho: khungu la pamphumi ndi masaya liziyenda nacho. Pansi pa lamba pazilowa zala ziwiri zokha. Pogula yang'anani chizindikiro cha ECE 22.05, ECE 22.06 kapena DOT. Chipewa cha pa ntchito ya zomangamanga kapena cha kumgodi sichinapangidwire kugwa panjinga.
5. Akuopa phokoso. Akhale kaye pafupi injini ikulira pang'onopang'ono, aziizimitsa yekha ndi swichi. Akadziwa kuti angathe kuithetsa, mantha amachepa.
6. Pali pomwe pakupweteka koma sakunena poopa kuti mumulanda kanjinga. Onani mmene akugwiritsira mkono, ndi kumbuyo kwa mwendo ngati ekizosi inamuotcha.
7. Safuna basi. Ana ena amakonda mpira. Kanjinga kadikire mng'ono wake, kapena mlongo wake amene mwina wakhala akukayang'ana mwachidwi osafunsidwa.

Chizindikiro 4: Injini ikukana kulira

Musanamasule chilichonse, onani zophweka.

1. Swichi, kiyi ndi kampopi ka petulo. PW50 ili ndi swichi ya malo atatu, ndipo polizira imaikidwa pa START. Tina ta ku China tili ndi kachingwe kozimitsira injini, kakasololoka injini silira. Kampopi kakhale pa ON.
2. Choki. M'mawa wa Juni ndi Julayi ku Ulongwe kapena ku Domwe injini yozizira imafuna choki. Ikalira n'kutenthako, bwezani. Injini yotentha kale sifuna choki.
3. Petulo wakale kapena wauve. Akakhalitsa miyezi m'kabuleta amauma n'kusiya zomata zimene zimatseka timabowo. Wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena fumbi. Tsitsirani pang'ono m'botolo loonekera m'kati, mulisiye kanthawi. Madzi amakhala pansi ngati timikanda toyera, petulo pamwamba. Mukaona zimenezo khuthulani thanki yonse, masulani kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti zotsalira zituluke, thirani watsopano wa pafilingi.
4. Pulagi. Ichotseni muione kumapeto. Yakhofi ili bwino. Yakuda ndi mwaye ikusonyeza kuti petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Yonyowa ikusonyeza kuti injini yamwa petulo: ipukuteni iume, zimitsani swichi, menyani kiki kangapo pulagi isanabwezedwe. Mpata wa kumapeto kwake pa PW50 ndi CRF50F ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Sungani pulagi ina yatsopano ya nambala yomweyo.
5. Batire, kwa tinjinga tolizira batani. Onani ngati mawaya ake amangika ndipo sanachite dzimbiri.

Kanjinga kakagwa cham'mbali, petulo amasefukira m'kabuleta. Kadzutseni, dikirani mphindi zingapo, kenako lizani opanda choki.

Pitani kwa makaniko ngati pulagi yatsopano sikutulutsa moto, ngati kiki ikutsika mopepuka kwambiri, ngati kiki yauma osatsika, kapena ngati petulo akudontha osaleka. Musalizire injini m'nyumba, utsi wake umapha. Musayesere pulagi pafupi ndi petulo wotayika kapena mbaula.

Chizindikiro 5: Ikulira koma ikuzima mukakoka moto, kapena ilibe mphamvu

1. Pa PW50, swichi yatsala pa START. Inapangidwa dala kuti kanjinga kasanyamuke mpaka mutaisunthira pa RUN. Anthu amamasula kabuleta yonse chifukwa cha ichi.
2. Choki yaiwalika.
3. Fyuluta ya mpweya yatsekeka. Fumbi la kuno m'chilimwe, makamaka kuyambira Ogasiti, limaidzaza msanga. Ya siponji ichapeni, iume bwinobwino, ipakeni oilo wa fyuluta, muifinye osaipota. Kuyendetsa popanda fyuluta "kwa lero lokha" kumalowetsa mchenga m'injini, ndipo kuikonza kumadula kuposa fyulutayo.
4. Kabowo kakang'ono ka m'kabuleta katsekeka. Chizindikiro chake n'chakuti injini imalira pokhapokha mukugwiritsa ntchito choki. Ngati simunamasulepo kabuleta, apatseni amakaniko. Kutokosa ndi singano kumakulitsa bowo n'kuwononga kamwedwe ka petulo.
5. Kabowo ka mpweya ka pachitsekero cha thanki katsekeka. Injini imayenda mphindi zochepa n'kuzima, ndipo mukatsegula chitsekero imaliranso.
6. Oilo wolakwika. Apa chenjerani, chifukwa tinjingati sitifanana. PW50 imagwiritsa oilo wa 2T, wopsera limodzi ndi petulo, amene ali ndi kathanki kakekake, ndipo kakauma injini imagwira. Tambiri ta ku China ta 49cc timafuna kuti 2T asakanizidwe ndi petulo pa mlingo wolembedwa m'buku lake kapena pathanki. Yezani, musathire mongoganizira: akachuluka utsi umachuluka ndipo pulagi imada, akachepa injini imapsa. CRF50F ndi TT-R50E zimamwa petulo wosasakaniza, ndipo oilo wake ndi wa 4T, woyezedwa ndi kandodo ka painjini.
7. Kusintha kwa malo. Angonia ali pamwamba, mamita opitirira 1,000, pomwe mzinda wa Tete uli m'chigwa. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho kanjinga kamene kamayenda bwino ku Tete kangathe kumadetsa pulagi ku Ulongwe. Makaniko wodziwa kabuleta angakonze.
8. Buleki ikugwira yokha. Kwezani tayala mulizungulitse ndi dzanja.

Mukamva kugogoda kwa zitsulo m'injini, kapena pulagi ikatuluka yoyera mbuu, zimitsani. Kupitiriza ndi kuiphetsa.

Chizindikiro 6: Tcheni, matayala ndi mabuleki

- Tcheni chikuvuka: chakhwepa, kapena mano a magiya ake atha. Pa CRF50F chizisewera mamilimita 15 mpaka 25 pakati pake. Chikonzeni injini ili chozima, zala za ana zili kutali. PW50 ilibe tcheni, imayendera shafiti.
- Tayala likuphwa kawirikawiri: minga ya masawu ndi ya mthethe. Pomata chubu, yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala, munga umatsalira momwemo.
- Zala za mwana sizikufika pa buleki: ena amangoisiya osaigwira. Makaniko aisendeze pafupi ndi kufewetsa kebulo.
- Buleki ikufika mpaka pa handulo koma kanjinga osaima: kasakweredwe.

Nthawi yosiya zonse n'kuthamangira kuchipatala

Mwana akagwa, zimitsani injini kaye, kenako muchotsereni kanjinga. Musamudzutse mwachangu. Pitani kuchipatala chapafupi, kapena ku Hospital Rural de Ulongwe kapena ku Hospital Provincial de Tete, mukaona chimodzi mwa izi:

- anakomoka, ngakhale kwa kanthawi kochepa
- akusanza, akusinza modabwitsa, wasokonezeka, sakukumbukira zimene zachitika, kapena mutu ukunka nuwawa
- akutuluka magazi kapena madzi m'khutu kapena m'mphuno atamenyetsa mutu, kapena akukomoka monjenjemera
- khosi kapena msana ukuwawa, manja kapena miyendo yachita dzanzi: musamupinde, musamuvule chisoti ngati akupuma bwino, gwirani mutu usagwedezeke, ndipo anyamulidwe atagona mowongoka pa chinthu cholimba
- handulo inamubaya pamimba: ngakhale kunja kukuoneka kachizindikiro kakang'ono, m'kati mungathe kumatuluka magazi, ndipo kupweteka kumayamba patapita maola
- mkono kapena mwendo watupa, wapindika, kapena akukana kuugwiritsa ntchito
- thupi latentha kwambiri ndipo akubwebweta: muvuleni, muikeni pamthunzi, muthireni madzi muli m'njira

Zizindikiro za kuvulala m'mutu zina zimachedwa kuoneka, choncho muyang'anireni usiku wonse ndi tsiku lotsatira, ndipo asakwerenso mpaka adokotala atavomereza.

Akapsa ndi ekizosi, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira ndi phulusa musapake. Matuza musaboole. Bala likakhala lalikulu kuposa chikhatho chake, lakuya, kapena pamfundo, akalione achipatala.

Petulo musasunge m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa petulo akalowa m'mapapo amawononga kwambiri. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Chisoti chimene chamenyetseka mwamphamvu chatha ntchito ngakhale kunja chikuoneka chabwino, popeza chofewa cha m'kati chimaphwanyika kamodzi kokha. Gulani china. Kanjinga nako, kakagwa kwambiri, onaninso chogwirira cha moto, mabuleki, mahandulo ndi paipi ya petulo mwana asanakhalepo.